Mwana wa ku Ntchisi si kasitomala, ndipo yunivesite si okushoni

Aliyense amene anakulira m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi amaidziwa nyengo yosankha fodya. Banja lonse limakhala pansi m'chigafa, tsamba lililonse kulitembenuza, kuliona mtundu ndi kutalika kwake, kenako kulidinda m'belo. Pofika pamenepo papita miyezi ya kufesa nazale dzuwa likuswa mtengo, kuthirira, kuwokera, kupalira, kuthyola, kusoka ndi kuyanika. Koma belo likafika ku Kanengo kapena ku Chinkhoma, munthu amene sanapondepo m'munda umenewo amasolola masamba angapo, n'kulemba zilembo ndi nambala pakapepala, n'kupitirira. Kamphindi kameneko ndiko kamaweruza thukuta la chaka chathunthu. Mlimi wa ku Madisi kapena ku Malomo safuna buku loti limuuze mmene zimawawira kuyezedwa ndi munthu wosakudziwa.

Tayambira ku fodya ngakhale nkhani yathu ndi ya sukulu za ukachenjede, chifukwa zimene zikuchitika m'sukuluzo masiku ano mlimi wa fodya angazimve msanga kuposa pulofesa. Tatcherani khutu ku chinenero chimene chadzaza m'maofesi mwake. Wophunzira akutchedwa kasitomala. Maphunziro akutchedwa katundu wofunika kutsatsa pamsika. Mphunzitsi wasanduka chiwerengero cha mapepala amene wasindikiza pachaka. Dipatimenti ya mbiri yakale kapena ya zinenero za m'dziko muno ikufunsidwa funso limene mwini golosale amafunsa mnyamata wake madzulo: walowetsa zingati? Ife tikuti chinenero ichi sichinagwe kumwamba ngati mvula. Chili ndi kwawo, chili ndi makolo ake, ndipo alipo amene chimawapweteka. Woyamba kupwetekedwa ndi mwana wochokera kumapiri kuno.

Kwawo kwa maganizowa ndi ku fakitale. M'chaka cha 1911 injiniya wa ku America, Frederick Winslow Taylor, anatulutsa buku lotchedwa The Principles of Scientific Management. Iye ankaima ndi wotchi m'manja kumbuyo kwa anthu onyamula zitsulo pa kampani ya Bethlehem Steel, kuwerenga mphindi zimene munthu amatha powerama, ponyamula ndi popuma. Anadzitama kuti munthu amene ankakweza matani 12 ndi theka patsiku anamufikitsa pa matani 47. Malipiro a munthuyo anachoka pa $1.15 kufika pa $1.85. Mudziwerengere nokha: ntchito inachuluka pafupifupi kanayi, malipiro sanafike n'kawiri komwe. Koma phata la chiphunzitso chake silinali pa matani. Linali pa kulekanitsa mutu ndi manja: kuganiza kukhale kwa bwana wa mu ofesi, wantchito angochita zimene wauzidwa. Chidziwitso chimene mmisiri anasonkhanitsa kwa zaka chilandidwe, chilembedwe pafomu, kenako chibwerere kwa iye ngati lamulo.

Agogo athu sanamuwerenge Taylor, koma anamulawa. M'chaka cha 1926 boma la atsamunda linakhazikitsa Native Tobacco Board kuti liziyang'anira alimi akuda a fodya wofukiza, makamaka a ku Lilongwe ndi ku Dowa. Bungwelo linkalembetsa alimi m'kaundula, kutumiza alangizi ndi akapitawo m'midzi, kuika malire a kukula kwa munda, kuchepetsa misika ndi kudula msonkho pa fodya wogulitsidwa. Chifukwa chimene linkapereka chinali chokoma m'makutu: kuteteza ubwino wa tsamba. Wolemba mbiri John McCracken anafukula makalata a nthawi imeneyo n'kuonetsa kuti pansi pa mawu okomawo panalinso nkhawa ya eni maesiteti achizungu, amene sankafuna kupikisana ndi mlimi wa m'mudzi. Choncho munthu wa kuno akamva mawu oti "tikuteteza muyezo wabwino", ali ndi ufulu wofunsa kuti muyezowo wauika ndani, nanga sikelo wagwira ndani.

Nzeru za ku fakitalezi zinalowa m'mayunivesite kudzera ku Britain m'nthawi ya Margaret Thatcher. Lipoti la komiti ya Jarratt la 1985 linalangiza kuti mkulu wa yunivesite asamaonedwenso ngati mphunzitsi wotsogolera aphunzitsi anzake, koma ngati bwana wamkulu wa kampani, ndipo kuti ntchito ya madipatimenti iziyezedwa ndi manambala. Kuno kwathu zinafika m'chikwama cha obwereketsa ndalama. Malawi anayamba ndondomeko zokonzanso chuma motsatira malangizo a World Bank ndi IMF m'chaka cha 1981. Akatswiri a bankiyo anawerengetsa kuti ndalama yoikidwa ku pulayimale imabweza phindu lalikulu kuposa yoikidwa ku yunivesite, ndipo maboma a mu Africa anauzidwa kuti ophunzira a ukachenjede azidzilipirira gawo la mtengo wa maphunziro awo. Palibe amene angatsutse kufunika kwa pulayimale. Koma masamuwo anaiwala kufunsa kuti mphunzitsi wa mphunzitsi wa pulayimaleyo adzaphunzira kuti, nanga dokotala wa pa chipatala cha boma ku Ntchisi adzachokera kuti. M'chaka cha 2000 gulu la akatswiri lokhazikitsidwa ndi banki yomweyo pamodzi ndi UNESCO linavomera kuti kuwerengera kumeneku kunapeputsa phindu la maphunziro apamwamba ku dziko lonse. Linavomera denga litadontha kale zaka zambiri.

Wofuna kuona kumene njirayi imathera awerenge zimene Mahmood Mamdani analemba za yunivesite ya Makerere ku Uganda m'buku lake la 2007, Scholars in the Marketplace. Kumeneko ophunzira odzilipirira anachuluka kwambiri kuyambira m'zaka za m'ma 1990, ndipo chigawo chilichonse chinkasunga gawo lalikulu la ndalama zimene chakopa. Zotsatira zake, zigawo zinayamba kulandana ophunzira ngati oitanira minibasi pa depoti, kutsegula maphunziro amene zinalibe aphunzitsi ake malinga ngati ali ndi msika. Makalasi anadzaza, kafukufuku anafota. Mabuku a ndalama ankaoneka bwino, ndipo obwereketsa ankaloza Makerere ngati chitsanzo.

Ife sitinafike pamenepo m'zonse, koma mapazi athu ali m'njira yomweyo. Kafiteriya ndi malo ogona zinatchedwa ntchito zosakhudza phata la yunivesite, zoyenera kusiyira amalonda. Ndalama yodyera imene boma linkapereka kwa ophunzira inathetsedwa, m'malo mwake kunabwera ngongole za bungwe limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2015, ngongole zosafikira aliyense wozifuna. M'chaka cha 2016 fizi ya ku University of Malawi inakwezedwa kufika pa K400,000, ophunzira anachita zionetsero, ndipo inatsitsidwa kufika pa K350,000. Kuyambira pamenepo yakweranso, kwacha nayo inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Papepala zonsezi zimatchedwa kugawana mtengo. Kwa mtsikana wa kwa Nthondo amene anakhoza MSCE pa sekondale yoyendera yopanda labotale, akuwerenga ndi tochi, zikutanthauza kachipinda ka lendi ku Chikanda kapena ku Luwinga, chakudya kamodzi patsiku, ndi foni yopita kumudzi yofunsa ngati soya wagulitsidwa.

Mtsikana ameneyu ndiye akutchedwa kasitomala. Liwuli likunama pawiri. Kasitomala amasankha, akaona tomato wa pa Chezi wakwera mtengo, amakagula pa Mvera. Mtsikanayu sanasankhe, anasankhidwa, ndipo m'maboma onse awiri a Dowa ndi Ntchisi mulibe yunivesite ya boma ngakhale imodzi yoti angathawireko. Bodza lachiwiri ndilo loopsa kwambiri. Kasitomala sakhala wolakwa, ndipo wogulitsa wanzeru samukhumudwitsa. Koma mphunzitsi woona ntchito yake ndi kuuza wophunzira kuti apa walakwa, bwerezanso. Ubale umenewu uli pafupi ndi wa mmisiri ndi mwana amene akumuphunzitsa kusema mpini kusiyana ndi wa wogulitsa ndi wogula. Mukausandutsa malonda, wolipira amayembekeza digiri monga wogula amayembekezera lisiti, ndipo wolephera kulipira amachoka mwakachetechete monga amachokera munthu wopanda ndalama m'sitolo: palibe amene amamulondola kukafunsa kuti bwanji.

Onaninso kumene ndalama ndi ulemu zikuloza. Pa 4 Meyi 2021 University of Malawi inagawidwa patatu, n'kubala UNIMA, MUBAS ndi KUHeS, pamene Bunda inali itachoka kale kukapanga LUANAR. Zifukwa zina zinali zomveka, pakuti ofesi yaikulu ya ku Zomba inkachedwetsa zinthu zambiri. Koma pamene panali khonsolo imodzi tsopano pali atatu, pamene panali mkulu mmodzi pali atatu, aliyense ndi omutsatira ake, ofesi yake ndi zoyendera zake. Wotsogolera chigawo, amene mwambo wakale wa mayunivesite unkamuona ngati mphunzitsi wonyamula mtolo kwa kanthawi m'malo mwa anzake, tsopano ali ndi dzina la ku kampani loti executive dean. Dzina lili ndi mphamvu, limamuuza munthu kumene ayenera kuyang'ana. Wotumidwa ndi anzake amayang'ana pansi kwa amene anamutuma, wolembedwa ngati bwana amayang'ana kumwamba kwa amene adzasaine kontirakiti yake. Ife okhala m'mbali mwa msewu wa ku Salima timaziona galimoto zazikulu za maofesi osiyanasiyana zikutsetsereka pa Mvera kupita kunyanja kukalemba strategic plan. Pobwerera zimaima kugula mbatata ndi anyezi. Ndi pokhapo pamene mapulaniwo amakumana ndi anthu a ku Dowa.

Nanga mphunzitsi? Iye wayikidwa pa sikelo ya okushoni. Kuti akwezedwe paudindo, chachikulu n'chakuti asonyeze chiwerengero cha mapepala osindikizidwa m'magazini a akatswiri, pafupifupi onse a m'Chingerezi, ambiri a kunja. Katswiri wa zachuma Charles Goodhart anaona kale mu 1975 kuti chizindikiro chilichonse chikasandutsidwa chandamale chimaleka kunena zoona. Mlimi amazidziwa: ogula akamangoyang'ana kulemera kwa belo, ena amawaza madzi, ena amabisa zinyalala pakati. M'mayunivesite a dziko lonse lapansi madziwo ndi kafukufuku mmodzi woduladula kuti atuluke mapepala anayi, mayina olembedwa pa ntchito imene eni ake sanaigwire, ndi magazini achinyengo osindikiza chilichonse malinga walipira madola. Tsono mphunzitsi amene watha masabata akuthandiza mwana wa sekondale yoyendera kuti afike pamene pali anzake a ku sukulu zapamwamba alibe polemba zimenezo pafomu. Amene wakhala pansi ndi alimi a ku Mponela kuwafotokozera m'Chichewa za chuku chowononga mtedza, n'kulemba kabuku koti mlangizi anyamule, wataya nthawi malinga ndi sikeloyo. Ndipo mayunivesite athu akuthamangira mindandanda ya kunja yoika sukulu pa nambala, pamene ena amene ali ndi chuma chopambanira mpikisanowo ayamba kuukana. Utrecht ya ku Netherlands inatuluka mu mndandanda wa Times Higher Education mu 2023, nayo Rhodes ya ku South Africa inanena poyera kuti sichita nawo.

Atiyankha kuti tikulirira ulesi wakale. Tiyankhe mosabisa. Zoipa zinalipo ndipo zina zikadalipo: mphunzitsi wosaoneka m'kalasi chifukwa ali ku ganyu ya mabungwe, zotsatira za mayeso zochedwa miyezi, digiri ya zaka zinayi yotha zaka zisanu ndi chimodzi chifukwa cha kutsekatseka, ndiponso aphunzitsi ena ofuna thupi la mwana wa eni kuti amukhozetse. Ndalama za msonkho ziyenera kuwerengedwa mpaka tambala yomaliza. Bungwe la National Council for Higher Education, lokhazikitsidwa ndi lamulo la 2011, lathandiza makolo kudziwa makoleji ogulitsa mapepala opanda pake. Kaundula, wowerengera ndalama ndi wokonza ndandanda ya makalasi ndi anthu ofunika, ndipo ambiri a iwo amagwira ntchito mokhulupirika pa malipiro ochepa. Mkangano wathu suli ndi iwo. Uli ndi chiphunzitso chonena kuti luso loyendetsa fakitale ya simenti, banki ndi yunivesite ndi limodzi, ndipo woyendetsayo safunika kudziwa chimene chikuchitika m'kalasi malinga ali ndi manambala. Taonani kuti zoipa tatchulazi palibe chimene chinathetsedwa ndi fomu. Mphunzitsi wozunza atsikana akhoza kukhala ndi mapepala makumi atatu, sikelo n'kumuyesa woyera.

Chimene chimateteza yunivesite pa tsiku loipa tinachiona mu 2011. Pa 12 Febuluwale chaka chimenecho mkulu wa apolisi Peter Mukhito anaitana Blessings Chinsinga, mphunzitsi wa ndale ku Chancellor College, kukamufunsa za chitsanzo chimene anapereka m'kalasi, choyerekeza kusowa kwa mafuta ndi ndalama zakunja kuno ndi zimene zinautsa anthu ku Tunisia ndi ku Egypt. Aphunzitsi anakana kulowa m'kalasi momwe muli akazitape. Khonsolo ya yunivesite inachita monga amachitira bwana ndi antchito ovuta: inachotsa ntchito Chinsinga, Jessie Kabwila-Kapasula, Garton Kamchedzera ndi Franz Amin. Maphunziro anaima kwa miyezi pafupifupi isanu ndi itatu mpaka anayiwo atabwezeretsedwa. Ophunzira anataya nthawi yambiri, ndipo a kumudzi ndiwo anavutika koposa, sitikubisa zimenezo. Koma funsani kuti ndi chida chiti cha m'mabuku a kayendetsedwe ka makampani chimene chikanaima pakati pa mphunzitsi ndi wapolisi. Chimene chinaima ndi gulu la aphunzitsi lodziona kuti ndilo yunivesiteyo, osati aganyu ake. Dulani gulu limenelo m'makontirakiti a miyezi khumi ndi iwiri, aliyense akupikisana ndi mnzake pa manambala, ndipo tsiku loipa likadzabweranso simudzamva ndi chifuwa chomwe.

Ife a ku Dowa tili ndi chikumbutso cha mantha amtundu wakale pakhomo pathu penipeni. Dzaleka, asanakhale msasa wa othawa kwawo mu 1994, inali ndende ya omangidwa popanda mlandu m'nthawi ya chipani chimodzi, nthawi yomwe Jack Mapanje anatengedwa ali mkulu wa dipatimenti ya Chingerezi ku Chancellor College n'kukakhala ku Mikuyu kuyambira 1987 mpaka 1991. Mantha amenewo ankabwera ndi Land Rover usiku. Amakono amabwera ndi kalata yaulemu yonena kuti maphunziro anu sakulowetsa ndalama. Sitikuti ziwirizi n'zofanana kulemera. Ndende ndi ndende. Tikuti zonse zimaphunzitsa munthu kumeza funso lisanatuluke. Chodabwitsa n'chakuti pa Dzaleka pomwepo, kuyambira mu 2010, othawa kwawo ndi Amalawi ena oyandikana nawo akhala akuphunzira maphunziro apamwamba kudzera pa intaneti mothandizidwa ndi bungwe la Jesuit, m'zipinda zochepa zokhala ndi makompyuta. Si mankhwala a mavuto athu onse, koma zikuonetsa kuti maphunziro apamwamba amatha kukwera phiri kukapeza munthu wopanda kanthu, ngati amene akuwayendetsa ayambira pa munthuyo osati pa msika.

Ndipotu yunivesite ndi yakale kuposa kampani, sifunika kubwereka nkhope kwa mng'ono wake. Liwu la Chilatini limene linabala dzinali linkatanthauza gulu la anthu, ophunzira ku Bologna, aphunzitsi ku Paris, osati nyumba kapena bizinesi. Owerenga tsamba lino akudziwanso za al-Qarawiyyin ku Fez, imene mbiri imati inayambidwa ndi mayi Fatima al-Fihri mu 859, ndi al-Azhar ya ku Cairo. Sukulu zoterezi zinkadalira waqf, chuma chopatulidwa kuti phindu lake lizidyetsa mphunzitsi ndi wophunzira wochokera kutali, ndipo woyang'anira chumacho anali msungi wa zimene si zake. Ijaza inkaperekedwa ndi mphunzitsi wodziwika dzina, amene ankaika mbiri yake pachikole ponena kuti uyu ndamumva ndekha, akudziwa. Nazonso zinali ndi zilema zake, mafumu ankalowererapo. Koma oyambitsa ake anazindikira chinthu chimene alangizi a masiku ano achitaya, chakuti mimba ya wophunzira ndi gawo la maphunziro. Ngakhale amishoni amene anafika pa Mvera mu 1889 ndi pa Kongwe mu 1894, pofuna aphunzitsi a sukulu zawo za m'midzi, ankadziwa kuti mwana wochokera kutali ayenera kupeza pogona ndi phala.

Tsono tikufuna zinthu zogwirika. Nkhani za maphunziro, monga choti chiphunzitsidwe, woti akhoze ndi dipatimenti yoti itsekedwe, zibwerere m'manja mwa seneti yokhala ndi aphunzitsi osankhidwa ndi anzawo komanso ophunzira, ndipo oyang'anira chuma azifotokoza pamaso pake. Pokweza mphunzitsi, anthu odziwa phunzirolo awerenge ntchito zake ziwiri kapena zitatu zabwino koposa, m'malo mowerenga kutalika kwa mndandanda. Kuphunzitsa bwino ndi zolemba za m'Chichewa, m'Chiyao kapena m'Chitumbuka zothandiza mlimi ndi namwino zikhale ndi kulemera kwake. Chakudya ndi pogona pa wophunzira wosauka zichotsedwe m'gulu la zinthu zapambali. Aphungu a ku Dowa ndi ku Ntchisi, amene amavomereza bajeti ya mayunivesitewa chaka ndi chaka, aleke kukhutira ndi zithunzi za nyumba zatsopano.

Ndipo popeza akuluakuluwo amakonda manambala, ife tili ndi nambala imene tikuipempha. Sitikuitanitsa kota, imene inathetsedwa mu 2020 itagawanitsa mtundu kwa zaka zambiri. Tikufuna kudziwa kuti mwa ana amene anasankhidwa kuchokera ku sekondale zoyendera za kwa Kayembe, kwa Chakhaza, kwa Kasakula ndi kwa Chilooko, ndi angati anakafikadi pasukulu, ndi angati anatsala chaka choyamba chisanathe, ndi angati anavala mkanjo, nanga otsalawo anachoka chifukwa cha mayeso kapena chifukwa cha fizi ndi njala. Mayunivesite ali nawo mayina onsewa m'makompyuta mwawo. Awerengedwe boma ndi boma, chaka ndi chaka, ndipo asindikizidwe pa tsamba lomwelo la lipoti pamene pamalembedwa ndalama zogulira galimoto za akuluakulu ndi zolipirira misonkhano ya kunyanja.